Tsamba 54

Ntchito yanga ndi kunong'ona.
Ndimakhala m'kabokosi pansi pa nsanja ya zisudzo
kuno ku Gdańsk, komwe mphepo ya kudoko
imalowera ngakhale pa bowo la batani.
Buku pamiyendo, kanyali kofiira pambali.
Wosewera akasowa mawu ndimamponyera
monga uponyera chingwe munthu amene akumira.

M'menemo nkhope sindiziona.
Ndimaona nsapato basi.

Sewero la chaka chino ndi lakale kuposa nyumba ino.
Muli bambo wina, mwini makiyi khumi ndi awiri,
amene amakhoma chitseko ikangokwana naini.
Usiku wina mwana wake wachedwa. Akugogoda.
Bambo ali mkati, akumva, satsegula.
Kukacha mnyamata wakwera sitima ya pamadzi
ndipo nyanja siimubweza.

Ndinadana naye bamboyu tsiku loyamba kuyeserera.
M'mphepete mwa tsamba ndinalemba ndi pensulo:
mtima wa mwala.
Bogna, wotsogolera sewero, amati
ameneyu si munthu, ndi lamulo lovala jekete.
Tonse tinagwedeza mitu, tikumwa tiyi wozizira.

Amamusewera ndi Ludomir,
mkulu wa mawondo olira ngati mahinjesi.
Pa tsamba 54, kugogoda kwachitatu kukatha,
ayenera kunena kuti, "Nthawi yapita."
Usiku uliwonse amangoti zii.
Ine: nthawi yapita.
Zii.
Ndimabwereza mokwezako, mpaka mayi wa mzere woyamba
amasuzumira pansi kufuna kudziwa walankhula ndani.
Ndinkati ukalamba wamudya mutu.

Lachinayi lina kanyali kanga kanathima.
Zilembo zinasowa, ndiye maso ndinaika pa nsapato.
Phazi lamanzere linali litanyamuka kale,
chidendene m'mwamba, mphuno ya nsapato kuloza kuchitseko.
Lamanja litakhomeka pathabwa ngati msomali.
Munthu mmodzi,
mapazi awiri osamvana,
chingwe cha nsapato chikunjenjemera chokha.

Sanaiwale ayi.
Ankadikira kugogoda kwachinayi
kumene mlembi sanakulembe.
Kamodzi kokha, mwanawe, kamodzi kokha,
kuti nditsegule osaoneka wogonja.

Mu tramu yomaliza, magalasi atachita nthunzi,
ndinakumbukira bambo anga, owotcherera zitsulo padoko,
amene anandimana mawu miyezi isanu ndi itatu
nditasiya sukulu ya unamwino n'kutsata zisudzo.
Patebulo ankapempha mchere kudzera mwa mlongo wanga.
Koma m'mawa uliwonse wa chisanu chimenecho
ndinkapeza nsapato zanga pafupi ndi mbaula,
zofunda, zopakidwa polishi,
m'kati atatsenderamo nyuzipepala kuti ziume.
Ndinkathokoza amayi mumtima.
Amayi chaka chimenecho ankagwira usiku
ku fakitale ya nsomba, ankafika ine nditapita.
Masamu ophweka chonchi
ndawawerengera mu tramu, zaka makumi atatu mochedwa,
ndipo ndinapitirira siteji yanga.

Sindikumuchotsera mlandu bambo wa m'sewero.
Chitseko sanatsegule. Mwana anamira.
M'chigawo chomaliza akhala pampando, makiyi m'manja,
chitseko chili pululu, chipale chikulowa mpaka pamphasa,
ndipo palibenso wogogoda.
Chimenecho ndi chake, asenze.
Koma mwala sunyamula chidendene.

Ndinafufuta mawu anga a pensulo.
Pepala latsala ndi chipsera chotuwa,
ukaliyang'anitsa pa nyali mawuwo amawerengekabe.

Tsopano tikafika pa tsamba 54 ndimatseka pakamwa.
Holo yonse, anthu mazana anayi, imasiya kutsokomola.
Ndimawerenga mumtima: usiku wina zinafika khumi ndi zisanu ndi ziwiri
asanalankhule.

Dzulo Ludomir anandipeza pakhonde, akupukuta utoto kumaso.
Anati, "Halszka, masiku ano mwanditaya."
Ndinati, "Ndimaona mapazi anu."
Anawerama, nayang'ana nsapato zake nthawi yaitali,
kenaka anafunsa ngati kunja chipale chasiya.